Masiku Awiri Ogwetsera Khola

Kabwata,
Lusaka.
22 Malichi 1981

Okondedwa alongo anga a Bernadette,

Kodi mukuwakumbukira abakha awiri a Amayi aja? Tinkakhala m'nyumba yozungulira ya udzu konkuno ku Kabwata, ine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Amayi a khomo loyandikana anafuula kuti azaumoyo afika, inu munatenga abakhawo n'kulowa nawo kunsi kwa bedi, mutawagwira milomo, dzanja lililonse bakha wake. Bambo wa masokosi oyera ofika m'mawondo anavundukula mtsuko ndi ndodo, anazungulira kuseri, sanapeze kanthu. Potuluka anawerama n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Mwanawe, nthenga izi n'za chiyani?" Akanandikalipira mwina ndikanalira n'kukhala chete. Koma anafunsa bwinobwino, ndipo ine ndinaloza kunsi kwa bedi. Munatha sabata yathunthu osandiyankhula.

Ndayamba ndi zimenezi chifukwa mawa m'mawa ndikafunsidwa funso ngati lomwelo, ndipo ndimadzidziwa.

Pepani, ndalumpha moni. Muli bwanji kumeneko ku Chadiza, inu, alamu ndi Amayi? Kalatayi mulandira m'manja mwa mkazi wanga Febby. Iye akudziwa kuti ndamutumiza ndi mwana wathu Emmy kudzaona Amayi kwa masabata awiri, basi. Mlandireni, ndipo muwerenge muli nokha.

Ntchito yanga ku khonsolo mumaidziwa, mumaiseka kuti ndinapitira ku yunivesite kukaphunzira kununkhiza ngalande. Munthu akadandaula za fungo, ntchentche, zinyalala kapena agalu a mnzake, lamulo limatilola kulowa pakhomopo masana, kuona, ndi kulemba chenjezo lomuuza mwini nyumba zoti akonze ndi masiku ake. Apolisi akafika pakhomo, msewu wonse umadziwa. Ife tikafika anthu amangong'ung'udza n'kutitsegulira, mpaka kuchipinda. Zaka zisanu ndi chimodzi ndagwira ntchitoyi osaganizapo kuti wina angasirire khomo lotseguka chotero.

Lolemba lapitali abwana anga a Morris anandiitana. Sanandiyang'ane, ankangosanja mafaelo osanjika kale.

"Ba Njobvu, pali komplenti ku Woodlands. Nkhuku, nchenche. Muzayenda na ba Chibwe aba, ni banyowani, baphunzileko nchito."

A Chibwewo, amene ankati ndi atsopano pa ntchito, anali atavala safari suti yositasita ndi nsapato zofiirira zowala. Analibe majombo, analibe kope. M'galimoto sanafunse chilichonse cha ntchito. Titadutsa pa Kabwata anangoti, "Ba Chisanga banakuphunzisani ku yunivesiti, te?" Ine ndinali ndisanatsegule n'komwe faelo kuti ndione dzina la mwini nyumba.

A Chisanga ndinakuuzanipo, ndi aja ankandibwereka mabuku ndi kundiitanira chakudya Lamlungu ndili wophunzira. Ankandinena kuti mayankho anga amakhala olondola, koma ndimawanong'oneza ngati ndaba. Kuchokera pamene anthu ananyanyala ntchito mu Januwale, m'misika ndi pokwerera mabasi mwakhala mukupezeka timapepala tonena Chipani, topanda dzina la wolemba. Anthu amatiponda ndi phazi, kuwerenga ataimirira, n'kupitirira. Ndinazindikira pamenepo kuti a Chibwe ndi achitetezo, ndipo ine ndine kiyi wawo.

Kwa a Chisanga tinapeza akazi awo a Muriel okha. Atandiona anaseka, "Amock! Watitaya, iwe. Wanenepa, Febby akukusunga." Kenaka anaona mnzangayo ndi buku langa la machenjezo, kuseka kunatha.

A Chibwe anayenda nyumba yonse. Anatsegula makabati a zovala, akuti tikufuna mphemvu. Anaima nthawi yaitali pa shelefu ya mabuku, mutu atapendeketsa. Ine ndinkatsatira m'mbuyo ngati mlendo ndine, ndikulemba zopanda pake m'kope. Sanapeze chimene ankafuna. Tinatulukira kuseri, kumene kuli khola la malata ndi waya, nkhuku zoyera zogulitsa mahandiredi awiri. Mvula inali itagwa dzulo lake, fungo linali lenileni, woyandikana nawo sananame. A Chibwe anatseka mphuno ndi kampango.

"Ngenani imwe, ni nchito yanu. Ine nsapato nagula mailo mu Kamwala."

Nsapato zogula dzulo sizikanaponda zitosi, ndinalowa ndekha. Alongo, sindinkafuna kanthu. Ndi chizolowezi chabe kuti tikalowa m'khola timanyamula matumba kuona ngati pansi pali ndowe za makoswe. Pakona panali matumba a utuchi. Loyamba linali lofewa, lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu linali ndi ngodya. Ndinamasula kukamwa kwake, m'kati munali mitolo ya timapepala tija, yomanga ndi chingwe. Kuseri kwa matumbawo, kunsi kwa chisaka, kunali makina osindikizira opukusa ndi dzanja. Inki inandidetsa zala ziwiri.

Nditatembenuka, a Muriel anali pakhomo la khola ndi ndowa ya madzi. Anayang'ana thumba lomasulalo, kenaka anandiyang'ana ine.

Panja a Chibwe anaitana, "Mwapeza chani mukati?"

Pakamwa panga panali patatseguka kale. Ndikunena zoona, mawu anali atafika pa lilime. Ndiye ndinaona nkhuku imodzi itazyolika pafupi ndi phazi langa, yopondedwa ndi zinzake monga zimachitikira m'khola lililonse. Ndinaitola ndi dzanja la inki lija, zala ndikubisa mu nthenga, ndinatuluka nayo n'kuwayandikizira kumaso.

"Chitopa," ndinatero.

Anabwerera m'mbuyo mpaka anaponda m'matope. "Chimagwila na bantu?"

"Chimafiiritsa maso."

"Chosaniko! Chosaniko icho!"

Chenjezo ndinalembera pa boneti ya galimoto, makope atatu ndi kaboni. Pa fungo la nkhuku timalemba kuti asese, athire laimu, masiku khumi ndi anayi. Ine ndinalemba kuti nkhuku zonse ziphedwe, khola ligwetsedwe, utuchi ndi matumba onse opezeka m'kati zitenthedwe m'dzenje pakhomo pomwepo, zisatuluke pa geti, masiku awiri. Ndinasaina, ndinadinda chidindo.

A Muriel atawerenga anakhala pansi pa sitepe. "Zonse, Amock? Zatsala ndi sabata imodzi kuti zigulitsidwe! Unkadya pa tebulo langa iwe, unkanyambita mbale. Lero wabwera ndi chidindo?" Misozi inali yeniyeni, chifukwa nkhukuzo n'zimene zimawathandiza pakhomopo. M'galimoto a Chibwe anandimenya paphewa akuseka.

"Kanshi ndimwe bakali, ba inspekita! Nenze kuganiza ati ndimwe ba Fada."

Musandiyese wolimba mtima. Ndadzifunsa sabata yonseyi, ndipo sindikupeza kuti pa boneti paja ndinkaganiza za a Chisanga. Ndinkangofuna kuti chimene ndinaonacho chichoke padziko, kuti ndikhale ngati sindinachione. Mwina munthu wamantha ndi munthu wabwino nthawi zina amalemba pepala lofanana. Sindidziwa.

Lachitatu utsi unakwera ku Woodlands tsiku lonse. Woyandikana nawo yemwe uja wa ntchentche anaimba foni ku ofesi kudandaula kuti zovala zake pa chingwe zanunkha nthenga. Ndinamulembera dandaulo lake mwaulemu.

Lachisanu m'mawa achitetezo anabwerera kumeneko ndi galimoto ziwiri. Wina ayenera kuti anawauza mochedwa kuti ayang'ane m'khola. Anapeza dzenje la phulusa ndi malata osanja. Akuti a Chisanga anawatulutsira pepala langa n'kunena kuti iwo ndi nzika yomvera khonsolo. Makina aja kumene anapita sindidziwa, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti sindidziwa. Achitetezo sanawatenge a Chisanga. Mpaka lero ali pakhomo pawo, popeza palibe amene anaona kanthu m'kholamo. Palibe, kupatula ine.

Apa ndi pamene ndinadzikola. Lamulo limati ukaganizira chitopa, tsiku lomwelo udziwitse dotolo wa ziweto ndi kumutumizira nkhuku yakufa kuti aipime. Ndimalidziwa lamulolo, ndimaphunzitsa anzanga atsopano. Ndinaiwala, alongo. Ndinalemba zonse mwaluso n'kuiwala chinthu chimene ngakhale wongoyamba kumene sangaiwale.

Lachisanu lomwelo madzulo a Morris anandiitananso, ulendo uno anatseka chitseko.

"Ba Njobvu, dokota wa viweto akamba ati kulibe chitopa mu Lusaka yonse kuchokela pa Khisimisi." Anazunguza cholembera. "Pa Mande eyiti koloko bazabwela kukutengani pano. Bafuna chabe mukambisane. Mubwele na buku yanu."

Ndinafika pachitseko, anandiitananso.

"Na juzi muvale."

Kunja kunkatentha, anthu akudzipepesa ndi mafaelo. Juzi nyengo yotere amavala munthu wokagona pa simenti ya m'selo.

Dzulo kunachitika china chimene sindidziwa ngati ndiseke. Ndili kosamba, mayi wina wofunda chitenje kumutu anasiyira Febby kaphukusi, osatchula dzina. M'kati munali nkhuku yoyera yososola, yozizira ya mufiriji, yonona bwino. Febby anaganiza kuti ndi anthu a ku tchalitchi, anaikazinga. Amayi a Chipani oyang'anira chigawo chathu anadutsa n'kusuzumira pa windo, "Eh, ba Febby, lelo ni Khisimisi pano? Mwaigula kuti?" Febby anati tapatsidwa. Tangoganizani, munthu amene analemba kuti nkhuku za ku Woodlands n'zodwala, pakhomo pake pakununkhira nkhuku yopatsidwa. Ndinamvetsa kuti a Muriel azindikira ndipo andikhululukira, koma akanadziwa akanandithokoza mumtima mokha. Emmy anadya mwendo wonse, mafuta mpaka m'makutu. Ine ndinatenga nthuli imodzi yokha. Mafupa ndinakataya kudzala la ku msika, ine woletsa anthu kutaya zinyalala.

Lero ku Misa sindinamve ulaliki. Ndimabwereza mawu anga: ndinaona nkhuku yodwala, ndinalakwitsa matenda, ndinaiwala dotolo. Zitatu zokha. Zonse zikhoza kundichotsetsa ntchito ndi nyumba ya khonsolo, koma munthu satsekeredwa zaka chifukwa cha umbuli. Ndikaima pamenepo, a Chisanga akhala pakhomo pawo. Ndikawonjezera mawu amodzi, sindidziwa ngati a Muriel adzawaonanso. Anthu amene anapitako kwa achitetezo amati funso ndi limodzi lomwelo, amangolibwereza mpaka utope ndi yankho lako. Ndayesa pa kalilole pometa ndevu, kachitatu kokha mawu anga anayamba kumveka onama.

Mwina mukudabwa kuti nanga ndalembereranji zonsezi, ndi mayina omwe. Ndi kupusa, ndikudziwa. Koma ndaona kuti nkhaniyi ikufuna potulukira, ndipo ndati ikatulukira kwa inu lero mwina mawa ikhala pansi. Mukawerenga muike pamoto, phulusa mulifikise.

Ndili ndi zopempha zochepa. Febby ali ndi pakati pa miyezi itatu, sanauze munthu, musamulole kukatunga madzi kutsidya. Emmy usiku amatsokomola, mankhwala ali m'chitini cha buluu. Masabata awiri akatha ine osalemba, musamulole Febby kubwerera, ngakhale alire, ndipo pamenepo mumuuze zoona. Amayi muwauze kuti anditumiza ku maphunziro ku Kitwe. Amakonda kumva kuti ndikuphunzira.

Chomaliza ndi ichi. Mukadzamva kuti a Chisanga atengedwa, dziwani kuti ndine ndayankhula. Musadzanditeteze kwa anthu, musadzanene kuti mwina anali wina. Mukapanda kumva kanthu za iwo, ngakhale za ine musamvenso, pamenepo mudzauze Emmy akadzakula kuti atate ake anali munthu wa ngalande amene tsiku lina anagwira bwino ntchito.

Ndikumalizira pabondo, pa sitesheni ya mabasi ku Kamwala. Katundu akweza kale pamwamba. Mapepalawa ayenda m'kati mwa matewera a Emmy, popeza asilikali a pa mlatho wa Luangwa sakonda kupisamo dzanja. Febby ndamuuza kuti ndi nkhani za munda wa Atate.

Moni kwa alamu, muwauze kuti mabatire a wailesi ndinawapeza, ali m'chikwama. Moni kwa ana anu onse, aliyense ndi dzina lake. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga, muligwire nthawi yaitali pang'ono, asadziwe chifukwa chake. Inu alongo, mawa eyiti koloko mudzakhala m'kalasi. Ngati kalatayi idzakhale itakufikani, mukamva belu muime kaye musanalembe pa bolodi, munditchule kwa Ambuye kuti anditseke pakamwa.

Kondakitala akuitana a ku Chipata. Emmy wandigwira buluku, akuti ndikwere nawo. Mapepalawa ndiwapinda kanayi, Febby watambasula dzanja.

Ndine mlongo wanu,
Amock