Ana akugona m'mabokosi a bambo anga

Aphungu,

Ndine mwamuna wandevu zanga, koma chiyambire ubwana wanga mtima wanga uli pa ana. Anzanga akamathamangira mpira, ine ndinkakhala ndi kamwana ka eni kumsana. Ndimafunitsitsa kudzaphunzitsa sukulu ya mkaka, ndipo chaka chino anditenga kukoleji ya aphunzitsi. Vuto ndi bambo anga.

Bambo ndi kalipentala wa mabokosi a maliro kuno ku Teshie, m'dziko la Ghana, aja timapanga motengera ntchito ya malemu: msodzi timamuika m'nsomba, dalaivala m'galimoto, mlimi m'tsabola. Mwana wamwamuna ndine ndekha, ndiye shedi yonse yopangiramo mabokosiwo ikudikira ine. Ntchitoyo ndimaitha, sindinama. Koma amayi a mumsewu wathu ogulitsa kenkey, chakudya cha chimanga chonga nsima, anazolowera kundisiyira ana akamapita kumsika, ndipo ine kukana sindidziwa. Ndimawaphunzitsa nyimbo ndi kuwerenga uku ndikupala matabwa. Dzuwa likaswa mtengo tulo timawagwira, ndipo malo ozizira bwino m'shedimo, oyalidwa kale nsalu yofewa, mwawadziwa kale.

Sabata yatha kunabwera banja lina kudzaona bokosi la bambo awo, msodzi wotchuka. Onse anali m'zakuda, mkazi wa malemu akusisima. Bambo anayamba kutamanda nsomba yawo, n'kuvundukula nsalu imene timaphimbira fumbi. Kamtsikana kena, Adjeley, kanadzuka m'menemo, n'kuyasamula, n'kufunsa kuti, "Mwabweretsa chakudya?" Aphungu, sindinkadziwa kuti nkhalamba zimathamanga chonchija. Onse anangoti phazi thandize. Mlamu wa malemu anasiya nsapato imodzi, mpaka lero sanabwere kudzaitenga.

Banjalo lakana bokosilo, ati mwagona kale munthu. Amayi a Adjeley anathamangira naye kwa abusa kuti akamupempherere, koma m'mawa mwake anandibweretseranso. Bambo sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga, anthu athu sadzuka. Sankha, matabwa kapena ana." Kuyambira tsikulo akudya okha kuseri kwa shedi, ndipo zikundiwawa chifukwa ndimawakonda. Koleji ikutsegulira mwezi wamawa. Ndipite kapena ndikhale?

N.L.T., Teshie

A N.L.T.,

Ndaseka mpaka misozi, koma tiyambe ndi zosaseketsa. Ana atuluke m'mabokosimo lero lomwe. M'shedi ya kalipentala muli misomali, macheka ndi penti, ndipo chivundikiro chikanagwa bwenzi tikukamba zina. Yalani mphasa pansi pa mtengo, kapena pemphani khonde la tchalitchi. Wofuna kusunga ana a eni amayambira pamenepo.

Kukoleji pitani. Mayi amene mwana wake wadzuka m'bokosi la maliro, iye n'kubwera nayenso m'mawa mwake, wakupatsani umboni umene ine sindingautsutse. Kungoti chikondi chokha sichiphunzitsa mwana, ndiye kaphunzireni ntchitoyo bwinobwino.

Musananyamuke, tengani wamkulu wina wa kwanu mukapepese kubanja lofedwalo, ndipo muwapangire nsomba ina ndi manja anu. Nsapato ija musaiwale. Kenaka thandizani bambo kusankha mmodzi wodalirika mwa ophunzira ntchito kuti azigwira shedi, inu muzibwera patchuthi.

Koma musachoke ngati wothawa. Inu mukuyesa kuti bambo akudandaula za shedi, pomwe ine ndikuona kuti mantha awo ali pena. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akugoneka anthu a eni mwaulemu amadzifunsa kuti bokosi lake adzapanga ndani. Tengani mbale yanu mukakhale pamene akudyerapo, muwauze kuti lawo mudzapanga ndinu, ngakhale mutadzakhala mphunzitsi wamkulu. Muwafunsenso kuti akufuna lidzaoneke ngati chiyani. Akayankha msangamsanga musadabwe, anaganiza kalekale.