Nkhope ya a Shado Pansi pa Chinangwa

Lachinayi

Mercy 09:12
sis waiona pic ili pa group ya mpingo?

Mercy 09:13
nsalu yachipani ija a shado MP anatigawira, iwe wayanikapo chinangwa?? nkhope yawo pansi, nkhuku ili pamphuno

Lettie 09:40
kkkk mphasa yanga inang'ambika. ndiyanike pamchenga?

Mercy 09:41
usaseke. ada jeremiah akwiya heavy, paja ndi chairman wa a shado kuno. akuti uli mbali ya opposition

Lettie 09:44
ya opposition yo ndinapsinyira chinangwa chomwecho. yolimba bwino

Mercy 09:45
Lettie plz. usipa umene umagulitsa umapikula pa boti la ndani?

Mercy 10:30
ndayankhula ndi ada jeremiah. akuti loweruka ubwere ku rally, uvale nsaluyo, uvine kutsogolo. apo ayi beseni lako lisadzafikenso pa boti lawo

Lettie 12:05
[voice note 0:21] Mercy, ine sindidana ndi a shado. Sindiwakondanso. Mumtimamu mulibe chilichonse, ngati ukundifunsa za mpira wa ku Ulaya. Ndiye ndikagwedeze chiuno ine wa zaka forty-six chifukwa cha usipa? Ndatopa nazo ine.

Mercy 12:07
ukuganiza ine ndimawakonda? timangovina sis. ana adye

Lachisanu

Wallace 08:15
mlamu mwatchuka! ife a opposition tanyadira. mawa mudzayankhule pa msonkhano wathu, two minutes basi

Lettie 08:31
ndikanene chani alamu

Wallace 08:32
zoti mwatopa ndi a shado

Lettie 08:33
ndatopa ndi nonse

Wallace 08:35
aaa munthu sakhala opanda mbali. olo mbuzi imadziwa khola lake

Lettie 08:50
mbuzi imachita kumangidwa. moni kwa akazi anu a alice

Wallace 08:51
[missed call]

Wallace 09:20
[missed call]

Loweruka

Mercy 06:48
boti lafika, usipa mbwee. nsalu ndakuchapira ndakusitira, ingobwera

Mercy 07:25
sis ndakuona. bwanji sunadzatenge nsaluyi kuti uvale?

Lettie 07:58
wawaona wekha ada jeremiah. beseni langa alikankha ndi phazi, anthu onse akuyang'ana. zaka 11 ndikupikula kwa iwo, mkazi wawo atadwala ndinagona naye kuchipatala ine

Lettie 07:59
zandiwawa, ndisaname. ndalira kuseri kwa thandala loyanikapo usipa

Mercy 08:01
pepa. rally ndi 10, nthawi ilipo. kungovina ka nyimbo kamodzi

Mercy 08:40
Lettie?

Mercy 09:15
ana adya chani mawa? ndiyankhe

Lettie 09:52
ndili mu minibus ya ku kande ndi beseni langa, kulinso maboti a usipa. kumeneko sindidziwa aliyense, mwina ndibwerako chimanjamanja

Mercy 09:53
akakakufunsa kuti uli mbali iti?

Lettie 09:55
ndikawauza kuti ndabwera kudzagula usipa. nyanja si ya ada jeremiah