Bantomu ndi mpweya wa a Sampa

Lolemba, 14 Okutobala 2024

Msonkhano pasukulu. A Sampa, a bungwe lina lochokela ku Lusaka, anabwela ndi galimoto ziwili, injini osazimitsa kuti mkati muzizizila. Ati mvula inathawa chifukwa cha mpweya wotchedwa metheni, wotenthetsa dziko, ndipo ng'ombe zathu zimautulutsa zikamageya. Wofuna mbewu yopilila chilala alonjeze kuchepetsa ziweto. Ine Luisa, ng'ombe zanga ndi ziwili basi, Bantomu ndi Sikochi, goli limodzi. Ndichepetse iti? Ndinafunsa. Ati amai, mafunso kumapeto. Kumapeto kwake anagawa mabisiketi.

Lachitatu, 16

Bantomu nthiti zonse panja. Mapesi anatha Ogasiti. Ndamusadzila masamba a mango, wangonunkhiza. Ageya chiyani, m'mimba mulibe kanthu?

Loweluka, 19

Achimwene a Fabian aimba foni kuchokela ku Angola, komwe amaotchelela mapaipi ku zitsime za mafuta. Chipwitikizi chomwe anaphunzila kwa amai athu chinawapezetsa nchito. Nditawauza za a Sampa anaseka mpaka kutsokomola. Ati kumeneko kuli chitsulo chachitali kuposa nsanja ya foni ya pa Boma, moto ukuyaka pamwamba usana ndi usiku, kuotcha mpweya womwewo poti alibe nawo nchito. Moto ukazima, mpweyawo umangopita kumwamba wosapsa, sabata yathunthu, palibe wowafunsa. Anditumizila kavidiyo. Ndaonela kanayi.

Lachiwili, 22

Dziwe la ku Kaumbwe latsala matope. Bantomu ndi Sikochi ndawatengela kutsidya kukamwa madzi, maola atatu padzuwa. Pobwelela Bantomu wagwada kawili. Ndinam'tukwana, kenako ndinalila. Akafa ameneyu sindilima, Sikochi yekha sangakoke pulawo, ndipo msana wanga ndi khasu zinasiyana kale.

Lachinayi, 24

Bantomu sanadzuke. A Josiah, aneba, anathandiza kum'kweza ndi mitengo pansi pa mimba, miyendo ikungolendewela. Masana tamupha asanafe yekha. Nyama yake olo agalu achita kuiganizila.

Lachisanu, 25

A Sampa afika ndi pepala lawo, kuyendela makola. Anasuzumila, naona Sikochi ali yekha, chikopa cha mnzake chili pa dzuwa kuseli. Analemba, akumwetulila.

“Mwachita bwino, amai. Ndinu oyamba m'mudzi muno kumvela.”

Ndinatulutsa foni, ndinawaika kavidiyo kaja pamphuno. Ndinawafunsa kuti eni moto uwu anawayendela liti, analonjeza kuchepetsa chiyani. Anaonela pang'ono, ati zimenezo n'za maiko ena, iwo nchito yawo ndi Petauke ndi Nyimba. Anatsitsa kathumba ka mbewu, makilo asanu, nati ndiime nako pafupi ndi khola andijambule.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa goli, ndinaliika pamapazi pawo.

“Mbali iyi ndi ya Sikochi. Inayo lowani inu, bambo, mvula ikagwa.”

Sanajambule. Mbewu anaibweza m'galimoto.