Mwamuna Woweta Njoka Uja

Barking, London
9 February 2006

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndiponso mwendo uja wasiya kuvuta. Kuno chisanu chafika posauzana, koma ndikupitabe kuntchito yanga yosamalira okalamba.

Ndamva kuti Mayi Bessie, aja timapemphera nawo ku Lewisham, atabwera kumudzi anakunong'onezani kuti mwamuna amene akundifuna amaweta njoka. Pakamwa pawo sipakhala chivindikiro, koma ulendo uno sananame. Mwamunayo, Greenwell, ali ndi njoka ziwiri. Ndikudziwa zimene kwathu timaganiza za munthu wotere, ndipo ndikuopa kuti anthu akwawo akadzabwera kuchokera ku Chipata kudzafunsira mbeta, malume adzawabweza asanakhale n'komwe pansi. Chonde werengani mpaka kumapeto.

Njokazo si zokhwimira. Akanakhala wokhwima sakanamadzuka m'mamawa kukayendetsa basi. Ndi tinsato tating'ono topanda ululu, timene anthu kuno amagula m'sitolo ngati mphaka. Mzungu amene ankachita naye lendi anasamuka n'kuzisiya, ndipo Greenwell sanafune kuti zife.

Vuto lake njoka ilibe kutentha kwakekwake, ikazizidwa imadwala. Mzungu uja ankayatsa hita m'chipinda chonse usana ndi usiku, mita n'kumameza ndalama. Apa ndiye ndinaona mutu wa Greenwell. Anati kufunditsa chipinda chonse n'kutaya ndalama, pofunika kufunda ndi pamene njoka yagona. Anakhoma mabokosi awiri amatabwa okhala ndi galasi kutsogolo. Pansi pa bokosi lililonse anayala kamkeka ka magetsi, koma mbali imodzi yokha, kuti njoka ikatenthedwa izisunthira kozizira. Analumikiza kachipangizo kozimitsa kamkekako kutentha kukakwana. M'mbali anamata zoyera zopepuka zija zimabwera m'katoni ya firiji yatsopano, zotola kuseri kwa mashopu. Pawindo anapachika katani yokhuthala, pansi pa chitseko anatsekapo ndi thawulo lakale. Pano magetsi a njoka zonse ziwiri sapitirira mapaundi awiri pa sabata, mwini wake n'kumavala majuzi awiri, akuseka.

Tsopano ndiulule changa. Inu munatiphunzitsa kuti munthu satuluka m'nyumba kanthu kakuyaka, ndipo dzanja langa linazolowera kuthimitsa soketi iliyonse. Mwezi watha Greenwell anapita ku Luton kukapepesa maliro, n'kundisiyira makiyi. Lachisanu ndinakakolopa, maso ndikuyang'ana kumbali kuopa mabokosiwo. Potuluka ndinathimitsa masoketi onse, ndikudzitama kuti ndamupulumutsira ndalama.

Atabwerako Lamlungu masana, tinalowa limodzi. M'chipindamo munali zii ngati mufiriji. Njoka yaikazi, imene amaitcha Charity, inali itayasamula kukamwa, ikupuma molira ngati mwana wa chibayo. Greenwell anayang'ana pakhoma, anaona soketi, kenako anayang'ana ine.

Amayi, mukudziwa zimene Lyson ankandichita ndili naye pabanja, ngakhale ndikangowaza mchere wambiri m'ndiwo. Ndinangozindikira ndadziphimba kumutu ndi manja onse awiri.

Greenwell anati m'Chinyanja chake chija, "Etta, chosa manja. Ni mistake chabe. Nine sininakuuze."

"Ndaipha," ndinatero ndikulira.

"Ikali moyo. Bwela unithandize."

Ine ndinathamangira ketulo kuti tiike botolo la madzi otentha, koma anandiletsa. Anati njoka yozizidwa ukaitenthetsa mwadzidzidzi umaipsereza, imafunika pang'onopang'ono. Anayatsa timikeka, kenako anamasula mabatani a shati n'kuika Charity pamimba pake, pakhungu penipeni, n'kuvala juzi pamwamba. Anakhala choncho maola awiri akunjenjemera, akundisimbira nkhani za anthu okwera basi yake kuti ndisiye kulira. Mawa lake anapita nayo kwa dokotala wa ziweto, ndipo ndalama zimene ankasungira jekete yatsopano zinathera komweko. Sanazitchulepo mpaka lero. Anangomata tepi yofiira pasoketi paja n'kulembapo kuti, "Etta, pano ayi."

Charity wachira, wayambanso kudya. Njoka ndimaziopabe, sindikunamizani, ndipo sindinazigwirepo. Koma munthuyu ndimamukonda, ndipo ndimamulemekeza kuposa mwamuna aliyense amene ndinakumana naye.

Anthu akwawo akufuna kufika ku Dedza pa Isitala. Ndikupempha kuti mukalankhule ndi malume Henderson inuyo nokha, nkhaniyi isanawafike yokometsera. Kalatayi mutha kuwawerengera yonse, ngakhale za Lyson zomwe, poti nthawi ija tinawabisira.

Mupereke moni kwa malume ndi azakhali, kwa mlongo wanga Fidelis ndi ana ake, ndi kwa amayi a Mvano amene ankandipempherera. Greenwell akuti ndikupatseni moni, koma akuti sangayambe kukutchulani apongozi inu musanalole. Ngati mukana, musatume munthu, mundiuze nokha, ndipo ndidzamvabe monga mwana wanu. Koma Amayi, kwa nthawi yoyamba chichokereni pakhomo panu, ndikalakwitsa kanthu sindichita mantha. Musandibwezere kumene ndinachoka.

Ndine mwana wanu wokusowani,

Etta