Kusamutsa Malipoti ndi Dzina la Malemu Aphunzitsi

Msonkhano wa komiti yoyang'anira pulogalamu yathu yaulere yowerengera mankhwala m'zipatala zazing'ono

Tsiku: Loweruka, 14 Juni
Malo: chipinda cha makompyuta, pamwamba pa shopu ya matayala
Analipo: Wapampando; a Waya, osamalira seva (kompyuta yosungira zonse); a Kauniuni, oyesa pulogalamu; Mlembi
Mlendo: akazi a malemu Aphunzitsi (malemuwo ndiwo anayambitsa pulogalamuyi)
Sanabwere: Msungichuma, sanapepese

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano 2 koloko masana. Anakumbutsa kuti tsamba lakale la pa intaneti lolandirira malipoti a zolakwika za pulogalamu litsekedwa mwezi uno, choncho malipoti onse asamukire ku tsamba latsopano.

2. Kusamutsa koyeserera
A Waya anavomera kuti poyeserera anaiwala kuzimitsa mauthenga odziwitsa anthu. Tsamba latsopano linatenga mayankho akale a malemu ngati alembedwa kumene, n'kuwatumiza m'dzina lawo kwa aliyense amene anaperekapo lipoti. Namwino wina, amene za maliro sanamve, anayankha kuti, "Mwachira, Aphunzitsi? Tinakusowani."

A Waya anati batani lozimitsira mauthengawo ndi lobisika. A Kauniuni anati, "Achimwene, ngakhale getsi la m'chipinda muno simuzimitsa." Wapampando anati zimenezo zisalembedwe.

3. Dzina la malemu
A Waya anafotokoza kuti tsamba latsopano limafuna mwini dzina atsimikize yekha pa imelo. Akapanda kutero, zolemba zake zimasamuka, koma pa dzina pamalembedwa "Wosadziwika". Pafupifupi theka la mayankho onse ndi a malemu.

Mayi, akazi a malemu, anatulutsa m'chikwama foni ya malemuwo, mmene muli imelo yawo. Mawu achinsinsi panalibe wowadziwa. A Waya anati angathe kuithyola.

Mayi anati, "Ali moyo sindinawatsegulirepo foni. Ndiyambe lero poti sangandikalipire?"

Wapampando anati, "Alamu, dzina lawotu lifufutika."

Mayi anabweza foni m'chikwama. Anafunsa ngati zipatala zipitirizebe kuthandizidwa dzinalo likachoka. Anauzidwa kuti inde. Anati basi, lichoke.

A Kauniuni anapempha kuti dzina la malemu lilembedwe pamanja pa yankho lililonse. Atafunsidwa kuti agwire ntchitoyo ndani, anayang'ana pawindo.

Chigamulo: kusamutsa kuchitike Lachisanu, mauthenga atazimitsidwa. A Kauniuni aime kumbuyo kwa a Waya. Wapampando amulembere namwino uja. Anati sakudziwa poyambira.

4. Zina ndi zina
Mayi anafunsa kuti Lachisanulo dzina lichoka nthawi yanji, kuti aitane mng'ono wawo asakhale okha m'nyumba. A Waya anati sizitenga ndi miniti yomwe. Mayi anati awauzebe nthawiyo. Anagwirizana 10 koloko m'mawa.

Msonkhano wina: Loweruka, 12 Julayi, malo omwewa.
Msonkhano unatha 3:20 masana, popanda wopempha tiyi.

Wapampando: ______________
Mlembi: ______________