Ndamutsekera Bingkun Panja

8 Januwale

Mphepo yochokera kunyanja. Zovala za mwana wanga Doudou zosauma.

Pa TV ati kuyambira lero ochokera kunja sawatsekeranso m'hotela poopa mliri. Kutsika ndege, chikwama m'manja, ulendo wakwanu. Apongozi atamva, misozi, kenako kukayatsa lubani kukachisi.

Mwamuna wanga Bingkun, zaka ziwiri ali m'khitchini ya sitima ya alendo kutsidya uko. Anachoka mimba isanaoneke. Mwana wake amamudziwira pafoni. Chimamuletsa kubwera ndi hotela yomweyo, tchuthi chonse chikanathera m'chipinda chokhoma. Tsopano chomuletsa palibe.

Ndimayenera kusangalala. Ndine mkazi wotani?

Koma Doudou. Anabadwa masiku osakwana, anayamba moyo m'kabokosi kagalasi. Tikutuluka, dokotala anati: "Uyu ngakhale chimfine wamba chitha kumutenga." Mwezi watha mudzi wonse unkatsokomola, ife atatu ayi, chifukwa ndinakhoma geti.

12 Januwale

Wayimba. Tikiti wagula, afika pa 19, Chaka Chatsopano chathu chowerengera mwezi, cha pa 22, chisanakwane. Kusangalala ngati mwana. Wandionetsa kachidole ka chimbalangondo.

Ndamufunsa za matenda. Ati anadwala kawiri pasitima, anachira, ndipo amuyeza asanakwere. Nanga mundegemo? Anthu piringupiringu, mpweya umodzi. Zaka zonsezi chimkuzamawu cha m'mudzi chatiuza kuti matenda amachokera kunja. Pa makatoni, pa nsomba za mufiriji, pa makalata. Ndimapopera mankhwala mpaka chitini cha mkaka wa mwana. Lero basi zatha? Kachirombo kamamvera nkhani pa TV?

Ndamuuza kuti akafika ayambe wagona kunyumba yakale ya maukonde masiku asanu. Iye: "Suqin, ndiye boma latseka hotela, iwe watsegula yako?" Waseka, koma si kuseka kwake.

15 Januwale

Nkhondo ndi apongozi. Atulutsa mbaula yakale, aikwecha, agula makala. Akuti wochokera kutali amalumpha moto pakhomo, tsoka lonse la m'njira limapsera pomwepo, akadya manudozi aatali ngati supageti ndi mang'ina a nkhumba ndiye kuti wayera. Malemu amuna awo sitima itawaphwanyikira anachita zomwezo.

Ndati Amayi, moto suotcha zimene zili m'mapapo.

"Sukulu unalekera m'njira, udokotala unauphunzira kuti?"

N'zoona, sindinapite patali. Koma amene ankakhala pambali pa kabokosi kaja ndine, osati iwo.

Ndasesa kunyumba ya maukonde. Fungo la nsomba silichoka. Ndayala zofunda zathu za ukwati, mwina aona kuti si chidani.

17 Januwale

Ndapita kutauni koyamba chikhomereni geti. Kukafuna tizipangizo toyezera, kuti ndizimuyeza m'mawa uliwonse. Sitolo ziwiri za mankhwala, palibe. Yachitatu, mzere mpaka kumsewu. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Abambo ena kumbuyo kwanga kutsokomola ngati akung'amba nsalu, masiki ali pachibwano. Ndikanachoka. Koma ndinali nditatsala pang'ono kufika.

Ndapeza tiwiri tokha, mtengo wake ngati ndi golide. Nsapato za Doudou za Chaka Chatsopano zidikire.

Kufika kunyumba ndasamba, zovala ndazinyika m'madzi otentha. Doudou analira tsiku lonse, ndagona naye pachifuwa.

19 Januwale

Wafika.

Makombola, anthu oyandikana nawo thoo pageti. Waonda, tsitsi layamba imvi. Walumpha moto kamodzi, apongozi ati abwereze, wabwereza, anthu kuwomba m'manja. Kenako molunjika kukhomo.

Ndinali nditakhoma. Ine mkati, Doudou m'manja, pazenera.

Anagwira chitseko, anakankha. Anandiyang'ana pagalasi. Mayi Weng a kuseri kwathu, aja sasunga mawu, anati: "Zaka ziwiri n'zambiri. Mwina mkatimo muli wina." Ena anaseka. Apongozi nkhope ngati phulusa.

Bingkun anaika dzanja pagalasi. Doudou anabisa nkhope pakhosi panga. Bambo ake ananyamula chikwama, ulendo wa kunyumba ya maukonde. Manudozi anakadyera komweko, yekha.

Kachipangizo kamodzi ndamuikira pakhonde. Mzere umodzi, alibe matenda. Apongozi abwera nako pazenera kuti ndione. Ndati mwina sanayambe kuoneka.

Ngati ndalakwa, ndalakwira pamaso pa mudzi wonse.

20 Januwale

Apongozi sakundilankhula. Chakudya cha mwana wawo akupititsa okha, akubwerako maso ofiira.

Bingkun wabwera pazenera ndi kachimbalangondo, kukavinitsa pagalasi. Doudou anaseka pang'ono, kenako anandikoka n'kuloza: "Amalume." Bingkun anamva. Anaweramitsa mutu ngati akuyang'ana nsapato.

Wakonza geti, wamanga chingwe choyanikira chatsopano. Munthu wa manja osakhala. Ine kumuonera kuseri kwa katani ngati wakuba.

Pakhosi pakuyabwa. Utsi wa makombola, basi.

21 Januwale

Chakudya chotsekera chaka. Zaka ziwiri zapitazi timamuikira mbale yake ndi timitengo todyera pampando wopanda munthu, monga timachitira wina akakhala kutali. Lero ali tsidya la bwalo lomweli, mbale yake taikabe pampando wopanda munthu.

Apongozi anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. "Nyanja yandibwezera mwana, mpongozi wandilanda." Sanadye. Nawonso ayamba kakhosomole, akuti ndi mkwiyo.

Iye anakhala pakhonde lake ndi nkhanu ndi kachasu ka mpunga, kutikwezera kapu chapatali. Envulopu yofiira ya ndalama, mphatso ya Doudou, analowetsa pansi pa chitseko. Ndinaipopera mankhwala. Anandiona.

Mutu ukulemera. Msana. Ndavala majuzi awiri koma ndikuzizidwabe.

22 Januwale

Mizere iwiri. Ineyo.

Kachipangizo kotsala, koyezera iye, ndadziyezera ndekha m'mawa kuti mtima ukhale pansi. Mzere wachiwiri sunadikire n'komwe. Bii.

Mzere wa kutauni uja. Abambo aja. Ndinapita ndekha kukatenga matendawa ndi miyendo yanga, ndinabwera nawo, ndinagona ndi mwana pachifuwa. Masiku onsewa ndikumupumira, ndikumuuzirira phala, ndikulawa supuni yake. Ndatsekera panja munthu wabwinobwino, ndadzikhomera mkati ndi mwana ine wodwala.

Apongozi thupi moto, sakudzuka.

Ndinaimbira Bingkun foni, ali apo pakhonde. Ndinkadikira kuti andinyoze, anali ndi ufulu. Anangoti: "Muveke zofunda, undiikire pakhomo, iwe ubwerere mkati." Ndinatero. Ndinamukhazika pachiundo ngati katundu, n'kutseka. Doudou kumenya chitseko ndi timanja, amama, amama. Bingkun anamunyamula akuphiriphitha. Koyamba kugwira mwana wake.

Ndamutumizira mawu pafoni. Phala lisakhale lolimba. Mankhwala ake a chifuwa opopera m'kamwa ali m'thumba labuluu, umugwire mutu sakonda. Sagona popanda kugwira khutu la munthu. Ukamva pachifuwa pakulira ngati kamwana ka mphaka, usadikire.

Kulira kwake kukumveka mpaka kuno.

23 Januwale

Thupi moto. Kupatsa apongozi madzi, kubwerera pabedi. Anandigwira dzanja.

Mawere akupweteka. Kulira kwa Doudou kwachepa. Sindikudziwa ngati wazolowera kapena watopa.

Anthu akuyenderana, kufunirana mafuno abwino. Pageti pathu palibe wagogoda.

24 Januwale

Ndinadzikoka mpaka pazenera. Bingkun akuyendayenda pabwalo, Doudou m'jekete lake, kamutu paphewa la bambo ake, kadzanja kali pakhutu lawo. Sakulira. Ndinasangalala. Ndinati tsopano wamudziwa.

Kenako ndinaona nkhope ya Bingkun.

Anabwera pafupi ndi galasi, anatsegula jekete pang'ono. Timphuno tikutukuka, pansi pa nthiti pakulowa mkati. Ngakhale pagalasi ndinakamva kaphokoso kaja.

Wabwereka njinga yamoto kwa amuna a Mayi Weng. Wamumangirira pachifuwa ndi sikafu yanga, mfundo zake za pasitima. Ndinatsegula chitseko kuti ndikwere nawo. Anakweza dzanja.

"Khala mkati, Suqin. Ndine bambo ake."

Apita. Sakudziwa kuti akamuika singano amafuna nyimbo ya bakha. Sakudziwa dzina la dokotala wake. Khadi lakuchipatala latsala pano patebulo, ndaliona pompano, ndamuimbira sakuyankha, ali pamsewu. Ndaimbanso. Apongozi akuitana kuchipinda, akufunsa ngati mwana wadya, sindinawauze kuti apita naye kuchipatala.