Matayala Amene Ndinagula ku Mbinga

Okondedwa achimwene,

Moni m'dzina la Ambuye. Kuno ku Mbamba Bay tili bwino, kungoti amayi miyendo ikutupabe.

Ndili ndi choulula pa nkhani ya galimoto yanu. Munandiuza kuti ndigule matayala okhuthala, oyenera msewu wafumbi. Ine ku Mbinga ndinakopeka ndi ena ogwiritsidwa kale ntchito, opyapyala m'mbali ngati a magalimoto a mpikisano, otsika mtengo. Wogulitsa anati, "Shemeji, mlamu wanga, awa pa tala amakakamira ngati nkhupakupa!" Potsika mapiri anagwiradi, mpaka ndinadzitama mumtima.

Lachiwiri ndinanyamula amayi kupita nawo kuchipatala ku Liuli. Titangodutsa Lipingo, miyala ya mumsewu wafumbi inang'amba matayala awiri, pamene sipeya ndi imodzi. Fundi wina wokonza matayala anati tayala long'ambika m'mbali silimatika. Amayi anamaliza ulendo pa njinga yamoto ya bodaboda, ndodo ili pamiyendo, akubuula.

Amayiwo akuti ndisakuuzeni, koma Lamulungu ndinalephera kupita ku Mgonero chifukwa mtima unkanditsutsa.

Ndikhululukireni. Galimoto ndaiimika. Lembani mtundu wa matayala amene mukufuna, ndipo ulendo uno sindimvera wogulitsa. Amayi akufunikanso kuchipatala mwezi wamawa.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ine mng'ono wanu,
Yohane